Chisanu cha m'nyumba yamatabwa kuseri kwa linga

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Bungwe Losunga Malinga a Madzi,

Bwana, kalatayi ndailemba nditavala magolovesi, ndiye mundikhululukire ngati zilembo zapendama. Ndine Neeltje Stolwijk, nkhalamba ya m'nyumba yobiriwira yamatabwa ija ili kuseri kwa linga lanu, yomwe munaijambula pachikuto cha kabuku ka alendo. Pachithunzipo nyumba inaoneka bwino zedi. Munachita bwino kusatiikapo ine ndi amuna anga a Teunis, tikanakuipitsirani chithunzi.

Nkhani yanga ndi yaing'ono poyerekeza ndi ntchito zanu. A Teunis ali ndi chifuwa cholira ngati chitseko chosathira mafuta. Dokotala wanena mosapsatira kuti nyumba ino ikapanda kufunda chisanu chisanafike, a Teunis apite kunyumba yosungira okalamba kutauni. Kumeneko kuli bedi la munthu mmodzi. Ine akuti ndikadali ndi mphamvu, nditsale. Tinapempha chilolezo chanu choti tiike mawindo a magalasi awiri ndi kumata makoma m'kati kuti mphepo isamalowe. Munakana mwaulemu waukulu. N'chifukwa chake ndati ndikuthokozeni pagulu, anthu adziwe kuti kuno tili ndi atsogoleri.

Choyamba, zikomo chifukwa cha phunziro la mbiri. Munatikumbutsa kuti nyumba yathu ndi yamatabwa chifukwa asilikali akale analetsa njerwa pafupi ndi linga. Ankafuna kuti adani akayandikira, nyumba zitenthedwe msanga, oombera mizinga aziona bwino kutsogolo. Agogo a amuna anga anamvera, namanga nyumba yodikira moto. Lamulo lija linafa kalekale, asilikali anapita, koma Mulungu sataya anthu ake: watitumizira inu. Inu mwati thabwa lililonse pano ndi chuma cha dziko, msomali watsopano usalowepo. Kale ankatiletsa njerwa kuti nyumba ipse bwino, lero mukutiletsa msomali kuti ioneke bwino. Banja lino lamvera akuluakulu mibadwo yonseyi, ndipo lamvera likunjenjemera.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha alendo. Lamlungu lililonse amabwera ndi njinga zawo zamagetsi, mpaka msewu umasowa popondapo. Amalowa mulinga, nauzidwa mmene makolo athu ankatsegulira zitseko za madzi kuti minda imire mpaka m'maondo, madzi ozama kwa msilikali wapansi koma osakwana kuyendetsa bwato. Amaomba m'manja. Zoti mdani atabweradi anadutsa pamwamba ndi ndege, wofotokoza wanu amazinena mothamanga, anthu akulowera kale kogula khofi ndi keke ya maapozi. Akakhuta amabwera kwathu. Ife makatani sititseka masana, monga munthu aliyense wolongosoka m'dziko muno, poti wotseka makatani ali ndi chobisa. Ndiye amasuzumira. Mwezi watha mayi wina anaona a Teunis atakhala pafupi ndi mbaula, atafunda mabulangete, chipewa chili kumutu, nandifunsa ngati ameneyo ndi munthu weniweni kapena chidole cha bungwe lanu. Nditamuuza kuti ndi munthu, anati mwakonza bwino kwambiri, mpaka kutsokomola komwe. Ndinalonjeza kuti chiyamikirocho ndichifikitsa kwa eni ake. Amati mlendo ndi mame, koma mame anu, bwana, amasiya zidindo za mphuno pagalasi, ndipo wopukuta ndine.

Chachitatu, zikomo potitumizira katswiri wanu, mayi Brechtje, kudzayendera nyumba. Ndi mwana waulemu. Anakhala nafe pabalaza osavula chikhoti chake, akumwa khofi atagwira kapu ndi manja awiri. Anasisita mafelemu a mawindo mwachikondi chimene ine sindinasisitidwepo, natiuza kuti ming'alu ija ndi yofunika chifukwa nyumba yakale imayenera kupuma. A Teunis anamuyankha kuti, mwana wanga, nyumba ikupuma bwino, amene akulephera kupuma ndi mwini wake. Iye anaseka, nati agogo ndinu anthabwala. Pochoka anatilimbitsa mtima kuti komiti yanu idzaonanso nkhaniyi ikadzakumana mu Epulo, chisanu cha kuno chitatha. N'zoona, kuona maso a nkhono n'kudekha. Vuto ndi lakuti chisanu sichikhala nawo m'komiti yanu, ndipo tsiku lake lobwera sichisintha.

Chachinayi ndi chimene chandigwetsa mphwayi n'kundipatsanso chiyembekezo. Sabata yatha ndinapita kulinga, ndinapeza geti lotseka. Pachikwangwani munalemba kuti kuyambira Okutobala mpaka Epulo munthu asalowe, chifukwa mileme yagona tulo take ta nyengo yachisanu. Mlonda anandifotokozera monyadira. Akuti makoma a njerwa okwiriridwa ndi dothi aja amasunga mpweya wofatsa, madzi saundana m'katimo. Akuti mabowo a mizinga mwawatseka ndi matabwa atsopano, n'kusiya kampata ka mleme, kuti mphepo isaipweteke milemeyo. Matabwa atsopano, bwana, ndi misomali yatsopano, pachuma cha dziko. Akutinso akatswiri akalowa kukaiona amayenda monyang'ama ndi kulankhula monong'ona, ndipo mileme imene yagona mogundana palibe wololedwa kuilekanitsa. Ndinaima pagetipo n'kulira, sindibisa. Ndinakwatiwa ndi a Teunis ndili mtsikana, sitinagonepo nyumba zosiyana, ndipo ndikuopa kuti akapita kutauniko sadzabwerako. Koma nditapukuta misozi ndinazindikira kuti ndinkakunamizirani. Chifundo muli nacho chambiri. Ife tinangolakwitsa mtundu pobadwa.

Choncho, bwana, za mawindo ndaleka, sindikuvutitsaninso. Pempho langa lodzichepetsa ndi lakuti mutilembe ine ndi a Teunis m'gulu la mileme. Zotiyenereza tili nazo. Maso athu saona bwino masana, timadya pang'ono, ndipo mtundu wathu ukutha. Kugona chadodolido sitingathe poti misana inakana, koma tibwera ndi matiresi athu, tiyale pakona yomwe alendo sajambula. A Teunis alonjeza kutsokomolera m'bulangete kuti anansi akudenga asadzuke. Nyumba tikusiyirani ipume mmene ikufunira, makatani otsegula.

Chikwangwani chatsopano musavutike nacho. Chomwe chilipo chikutikwanira, bola mawu ake atikhudze nafenso: agona limodzi, musawasokoneze mpaka chisanu chithe.

Ine wanu wozizidwa mwaulemu,

Neeltje Stolwijk
wa m'chuma cha dziko, kuseri kwa linga