Mamita Sikisi a Che Binali

Che Binali, telala wa pakhonde padoko lathu, sankakhulupirira chinthu asanachiyeze. Tepi sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale kumzikiti. Chambo ankayamba achiyeza asanagule, ndipo ena amati akazi awo, Abiti Tahiri, anawayezanso asanawafunsire. Izo sindinaone.

Zomwe ndinaona ndi za shedi. Boma linatimangira shedi yogulitsiramo nsomba, chikwangwani chikunena ndalama zake ndi kutalika kwake: mamita makumi awiri. Ife m'manja, amayi nthungululu. Che Binali anangogwada pangodya ndi tepi yawo.

"A Godwin," anaitana kontirakitala, "ine ndapeza folotini. Mamita sikisi mwasunga kuti?"

"Madala, tepi ya mathalauza siyeza nyumba ya boma."

"Wallahi? Kani mita ya boma ndi yaifupi? Ndibwerekeni, ndizigulitsira nsalu."

Tinaseka, koma nkhaniyo inali yowawa. Amayi asanu ndi atatu anasowa malo m'shedimo, mmodzi mwa iwo Abiti Tahiri, usipa wawo n'kumavunda ndi mvula.

Kuyambira apo, Lolemba lililonse Che Binali ankavundikira makina n'kukwera minibasi ya kuboma. Sankakalipa ayi, ankangofunsa ngati mwana. Ndalamayi inanyamuka yonse? Nanga inafupikira pati? Akuti alembi ena ankati akaona tepi pawindo, ankazembera kuseri. Ine ndinkawazemba kuposa onse, poti ndinali m'komiti imene inasainira kuti ntchito yatha tisanayeze. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Che Binali atadwala, sanda yawo, nsalu yowaikira m'manda, anadula okha. "Wina angadyepo mita," anatero.

Tinawaika m'Malichi. Mu Juni lole ya njerwa inatulukira, kani mafunso aja anafika pomwe ankapita. Shedi inawonjezedwa, ndipo tsiku lotsegulira ife osamva tinaombanso m'manja. Abiti Tahiri anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa tepi ija, n'kugwada. Anayeza mbali yowonjezedwayo.

"Asanu," anatero potsiriza. "Imodzi ili kuti?"

Tinaseka mpaka misozi, koma ina sinali ya kuseka. Pakhonde paja makina akadali ovundikira, ndipo zikwangwani zatsopano zimangoima popanda wozifunsa. Timawasowa, abale.

Lolemba lotsatira ndinakwera minibasi ya kuboma ndi mayiwo. Tepi anandiveka ine.