Waya amene ndinakwirira pabwalo la sukulu

Mpaka lero kuli mudzi wina cha ku Chipera kumene ndikamadutsa pa njinga anthu amandilonjera ndi chibwano chokha. Sindiwaimba mlandu.

Nkhondo ine ndinaithawa ndili kumsana. Ndinakulira ku Zambia, ndipo ndinabwerako ndi kaluso ka makompyuta komanso matama odzaza dengu. Sukulu ya m'mudzimo itamangidwanso, inalandira magetsi a dzuwa ndi timakina ting'onoting'ono topanda kanthu m'mimba. Kalikonse kakayatsidwa kamaitana kompyuta yaikulu kudzera pa waya, ndipo yaikuluyo ikapanda kuyankha, kamakinako sikadzuka. Yaikulu tinaiika mu ofesi, timakinato m'kalasi, pakati pali bwalo. Poopa mbuzi, wayayo ndinamukwirira Loweruka pabwalo popanda munthu (ndinadziyamikira ndekha, poti wondiyamikira panalibe). Penapake kachigawo kanatsala kakusuzumira pamtunda, ine ndinati n'zazing'ono.

Makolo ambiri ankakana kutumiza ana chifukwa malowo anali atangochotsedwa kumene mabomba okwirira. A Direktori, mkulu wa sukuluyo, anayenda khomo ndi khomo kuwanyengerera kuti Lolemba abwere ndi ana adzaone makinawo.

Lolembalo ndinalawirira n'kudzitsekera m'kalasi. Tinali titagwirizana kuti a Direktori akafika ayatse yaikulu ija. Nditamva phokoso la ana panja, ndinayatsa kamakina koyamba. Kanalemba mizere, kanaitana, kanadikira, kenaka kanati sikakupeza pogwira, n'kuuma gwaa. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinasintha manambala oitanira, osatheka. Ndinazula waya wa m'kalasi n'kumuuzira mpweya (zimene ndimaseka anzanga akamachita). Thukuta lili kamukamu, ndinafufuta zonse zimene ndinakonza kale kuti ndiyambirenso. Panja panali patangoti zii, ine n'kumati anthu akulemekeza katswiri ali pantchito.

Potsiriza ndinatuluka kuti ndikaone ku ofesi. Chitseko chake chinali chikadali chokhoma. Pabwalo panali mzere wa miyala ndi nsanza yofiira pakamtengo, khamu lonse litaima kutali kuseri kwa mpanda.

"Senyoro tekiniko, musasunthe!" anandikuwira a Direktori. "Imani pomwepo! Pali mina, bomba lokwirira, waya wake akuoneka apo!"

Munthu wanzeru akanayankha ali chiimire. Ine ndinaseka. "Aa, ameneyo ndi wanga!" Ndinapita, ndinawerama, n'kumukoka kuti onse aone.

Mudzi wonse unadzigwetsa pansi. Amayi anafungatira ana kumaso kuli m'fumbi. A Sakala, bambo amene anasiya mwendo m'munda mwawo ataponda bomba chaka chimene anthu ankabwerera kwawo, anataya ndodo n'kugwera pamwamba pa mwana wawo wamkazi kuti amutchinge. Ine ndinatsala ndekha chilili, waya ali m'manja, kuseka kukundiumira pakamwa. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo.

Palibe anandikalipira, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. A Sakala anakwawa kukatola ndodo yawo, anadzuka, anasasa fumbi pa diresi la mwanayo.

"Mwanawe," anatero, "kuno sitikwirira kanthu osauza anthu. Ngakhale maliro timayamba talengeza."

Anagwira mwana wawo padzanja n'kumapita, ena n'kutsatira.

Vuto la makinawo linali loti yaikulu ija inali isanayatsidwe, basi. Nditabwezeretsa zimene ndinafufuta, waya nditamupachika m'mwamba pamitengo, timakina tonse tinadzuka nthawi imodzi mokongola zedi. Owonerera tinali awiri, ine ndi a Direktori.

Masiku ano makina akakana kudzuka, ndisanakhudze chilichonse ndimayamba ndasuzumira pawindo. Ana ena anabwerera m'kalasi mvula itagwa, koma mwana wa a Sakala sanapondenso pabwalo lija.