Mpando Umodzi, Makomo Asanu ndi Atatu

Anzanga, ine ndinathetsapo umphawi m'mudzi wathunthu, dzuwa lisanapendeke n'komwe. Musaseke msanga, imvani kaye.

Ndinapeza ganyu ku bungwe lina lakunja lomwe linkagawa mbuzi ndi mbewu ku Nyalugwe. Eni ake ankafuna kudziwa ngati umphawi wadzaoneni ukuchepadi. Ntchito yanga inali kuyenda khomo ndi khomo ndi foni yaikulu, n'kumafunsa: muli ndi mpando? Wailesi? Mumadya kangati? Banja looneka kuti latukuka ankalichotsa pa mndandanda wolandira mbewu. Ndiye chala changachi chinali ndi mphamvu pa munda wa munthu.

Koma mtima wanga sunali pamenepo. Ndinali nditatha milungu itatu m'kachipinda ka lendi ku Nyimba, popanda wondidziwa, mkazi ndi ana ali ku Chipata. Ndinkadya ndekha nditayang'ana khoma. Ndinafika popatsa moni nalimata wa pakhomapo, ndipo tsiku lomwe sanaonekere ndinadandaula.

Ndinatumiza uthenga kumudziko kuti ndikubwera, n'kuvala tayi. Khomo loyamba linali la amai Daka, mayi wamasiye wansangala. Anandikhazika pa mpando wapulasitiki wobiriwira, wailesi ikuimba pamwamba pa mtondo. M'malo mofunsa mafunso, ine ndinayamba kukhuthula mavuto anga! Kuti ndilibe wocheza naye, kuti ndimagona pamphasa, kuti mawu a wailesi ndinawamva kalekale.

"Pepani bambo," anatero amai Daka. "Ni zovuta izo."

Za mpando ndi wailesi sindinafunse. Ungafunsenso chinthu chomwe wachikhalira? Ndinangochonga kuti zilipo.

Potuluka, bambo wina woyandikana nawo, a Lungu, anati andiperekeze, koma tidzere kukhola ndikaone mbuzi. Tinazungulira mtunda wonsewo pamene khomo lotsatira linali pompo. Kufika, mpando wobiriwira, wailesi ikuimba. Chonga! Khomo lachitatu a Lungu anandidzeretsa kuchitsime, lachinayi kudimba, ndipo konseko ndinkapeza zomwezo. Mukuganiza kuti ndinadabwa? Ndinati anthu awa amagula sitolo imodzi. Ngakhale waya womangira mwendo wa mpando ndinkauona paliponse, ine n'kumati mipando ya masiku ano ndi yosalimba.

Masana ndinakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki, ndinatumiza mayankho a makomo asanu ndi awiri, kenako ndinaimbira abwana anga, amai Banda.

"Kuno zatheka! Auzeni akunjawo kuti umphawi wathawa!"

Pakhomo lachisanu ndi chitatu ndinakhala mwamatama, mwendo wa waya uja thyo! Miyendo m'mwamba, foni uko, tayi kumaso. Kuseri kwa nkhokwe kunatulukira amai Daka, thukuta lili kamukamu, manja kumutu.

"Mayo ine! Mpando wa ku chalichi! Abusa azankhala pati pa Sondo?"

"Wa ku tchalitchi?" ndinafunsa ndili gone. "Nanga ina ija?"

"Ni wamene uyu, bambo. Tinabweleka kuti mlendo apeze pokhala. Imwe mukayenda kukhola, ise tithamanga nao kumbuyo kwa manyumba. Wailesi ni ya a Lungu."

"Koma makomo onsewa? Chifukwa chiyani?"

"Si munakamba mweka kuti mugona pa mphasa, mudya mweka? Tinamvela chifundo. Munthu wovutika so, tingamuike pansi futi?"

Mabanja asanu ndi awiri ndinali nditawalanda mbewu ndi chala changa, mlandu wawo uli wondimvera ine chisoni.

Ndinakweranso chulu chija ndikutsimphina, mudzi wonse ukundionerera. Amai Banda anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anati ndifufute zonse ndiyambirenso, ndipo ndikadzalengezanso zozizwitsa, ku Chipata ndidzabwerera wapansi.

Mawa lake ndinayambiranso nditakhala pamphasa, funso lililonse kulifunsa kawiri, ndipo mabanja onse aja anatsala pa mndandanda. Pochoka amai Daka anandimangira mtedza m'kansalu.

"Mawa mubwele mukadye na ise," anatero. "Pa mndandanda wathu imwe sitinakufuteni."

Ndinapita, musandifunse kuti kangati. Koma kuyambira tsiku limenelo, akandipatsa mpando ndimayamba ndauyang'ana mwendo, ndipo mavuto anga ndimauza nalimata yekha.