Chipinda cha aDomingos Chinali Pakati pa Mtsinje

Ku Feira kuno aDomingos tinkawadziwira mkono. Mukaona bwato paja Luangwa amathira mu Zambezi, munthu ataimirira momwemo mkono uli m'mwamba ngati mwana wa sukulu wofuna kuyankha funso, mumadziwa kuti ndi iwowo akusaka netiweki. Wopalasa bwatolo ndinali ine Benedict, ndipo msana wanga sunawakhululukirebe.

Mkuluyu anagulitsa injini ya boti lake, yomwe inkawadyetsa, n'kumangira chipinda cha alendo kuseri kwa nyumba. Anaikamo bedi, fani, neti ya udzudzu ndi matawulo awiri oyera. Ankati alendo a masiku ano safunsa njira pamsika, amasaka malo ogona pa intaneti. Akazi awo aEmelina, omwe amagulitsa nsomba zowamba, anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mvula yoyamba ikagwa mulendo akalibe kugonamo, niikamo nsomba zanga," anatero.

Umenewo unali mwezi wa Epulo. Kuyambira pamenepo aDomingos ankayang'ana kumwamba ngati munthu wothawa mlandu.

Chipindacho anachilembetsa pa masamba atatu a pa intaneti, ndipo lililonse analipatsa dzina. Loyamba linali Wankhuli: anthu olitsegula ndi ambiri, koma pa ndalama ya mlendo limaluma gawo lalikulu, komanso mlendo akasintha maganizo amangochoka osasiya ndi ngwee yomwe. Lachiwiri linali Wachangu: limadya pang'ono, koma ukachedwa kuyankha uthenga ndi ola limodzi limakutsitsa pansi pa mndandanda, kumene sikufika diso la munthu. Lachitatu linali Wachete: laulere, limalandira lokha alendo osakufunsa, koma silinatumizepo uthenga ngakhale wa moni.

"Benedict, pa atatu aba ungasankhe uti?" ankandifunsa tsiku ndi tsiku.

"Ningasankhe injini, achimwene."

"Palasa chabe iwe."

Vuto linali lakuti nyumba yawo ili kuseri kwa phiri, kumene foni imangokhala tochi. Ndiye polembetsa, tsamba lililonse litawauza kuti adine pamene aimapo kuti nyumba ioneke pa mapu, iwo anali m'bwato langa. Anadina. Madzi nawo sayembekeza munthu, bwato linkangotengeka. Wankhuli anaika chipindacho kugombe la Zumbo, Wachangu anachikankhira cha ku Kanyemba, ndipo Wachete anachisiya pakati penipeni pa mtsinje. Chipinda chimodzi chinapezeka ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi kwa ng'ona, koma ku Zambia ayi.

Mauthenga ankabwera ndithu. Wina anafunsa ngati afunika pasipoti. Mzungu wina anafunsa ngati nyumbayo imayandama, ndipo atamva kuti ndi ya njerwa sanayankhenso. Mayi wina wa ku Lusaka anasungitsa masiku atatu pa Wankhuli. ADomingos anapha nkhuku, anasita matawulo, anakhala pa siteshoni ya basi atavala tayi dzuwa lonse lija. Mayiyo anali atasintha maganizo dzulo lake. Nkhukuyo tinadya ndife, koma eni ake sanaigwire.

Tsiku lina mvuu inavuuka pafupi nafe, pafupi moti ndinaona udzu m'mano mwake.

"Achimwene, khalani pansi, tifa!"

"Osagwedeza bwato! Kwasala maminitsi anayi, Wachangu azanitsitsa!"

Anayankha uthengawo mvuu ikutipumira. Wofunsayo ankangofuna kudziwa ngati pali dziwe losambira.

Pofika Seputembala anasiya kutsegula Wachete. Ankati kuika mtima pa iye n'kutha bando ya intaneti pachabe. Anatsala ndi awiri aja, ndipo anayamba kuonda. Kamtambo kakangooneka cha ku mapiri a Zumbo ankakatukwana m'Chikunda. Anthu pamsika ankawatchula kuti a Manejala, iwo n'kumaseka nawo, koma tikafika pamadzi kuseka kumatha. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti: "Nsomba siniopa, Benedict. Niopa kuti uyu muzimai azakamba kuti ninagulitsa injini pachabe, ndipo chizankhala chazoona." Ndinawamvera chisoni, ndipo tsiku limenelo sindinadandaule za msana.

Kumapeto kwa Okutobala, kutentha kuli pachimake, anagwa akusesa pakhomo pa chipinda chawocho. Tinawatengera ku chipatala ku Katondwe. Nditapita kukawaona anandikankhira foni m'manja.

"Yenda pamadzi. Ola yakwana."

Anamwalira tsiku lachitatu lake. Mvula inagwa patatha masiku khumi titawaika. AEmelina, omwe sabweza mawu, anapinda matawulo aja n'kulowetsa madengu asanu ndi limodzi a nsomba, akulira.

M'mawa mwake tinaona chikhamu cha amayi a pamsika chikubwera, pakati pawo pali mtsikana wonyamula chikwama kumsana. Anati dzina lake ndi Annet, mphunzitsi wa ku Kabwe, ndipo wabwera kudzaona pokumana mitsinje.

"Mapu ionetsa kuti nyumba ili mu madzi," anatero, "koma aba amai akuti ni pano pa a Manejala."

"Munawapeza bwanji amuna anga?" anafunsa aEmelina.

Anationetsa foni yake. Anali Wachete. Malowo anasungitsa pa 19 Seputembala, aDomingos ali moyo, ali m'bwato langa, akutukwana mitambo.

AEmelina analowa m'chipinda muja n'kuyamba kuponya madengu panja, nsomba zili mbwee m'matope. Atatero anayala bedi, anabweza matawulo pamalo pake, anayatsa fani, n'kumuuza mlendoyo kuti: "Lowani, mwana wanga. Anakuyembekezani maningi."

Masiku ano pamtsinje pamaoneka posowa kanthu. Asodzi amati akatembenuka amayembekezabe kuona mkono uja. Koma Loweruka lililonse m'mawa aEmelina amabwera pagombe, foni ya amuna awo ataimanga pa nsonga ya chitenje, n'kukhala m'bwato langa. Iwo saimirira, amaopa madzi. Tikafika pakati amamasula foniyo, amakweza mkono pang'ono, n'kundiuza kuti: "Yambira Wachete."