Roketi Yanu, Miyala Yathu

Kwa Olemekezeka a Wapampando,
Komiti Yokongoletsa Dera,

Bwana, ndagwada. Ine ndine Gideon Sakala, mlimi wa nshawa ndi thonje kutsidya kwa mtsinje wa Kavumbe, njira ya ku Vubwi. Sukulu ndinalekezera giredi faifi, ndiye mukapeza mawu opotoka muwongole, ophunzira ndinu.

Ndalemba kudzathokoza chipilala mwatimangira pamphambano, chija cha roketi ya simenti yoloza kumwamba, chokumbukira anthu amene anapita kumwezi.

Choyamba, zikomo pa miyala. Chilimwe chathachi munatiuza kuti mudzi uliwonse uphwanye miyala ndi kututa mchenga, simenti mubweretsa ndinu, timange kamlatho pa Kavumbe. Tinaphwanya. Chikhadabo changa chimene nyundo inadya sichinamerebe. Amake Yosefe, akazi anga, anasenza mchenga pamutu mimba itayamba kale kuoneka. Thirakitala yanu itabwera kudzanyamula mulu wonse tinaomba m'manja, kuyesa mlatho wayamba. Sitinadziwe kuti miyala yathu yakwezedwa pantchito.

Chachiwiri, mwatiphunzitsa mwambo watsopano. Kwathu kuno chiliza timamangira munthu amene manda ake tikuwadziwa, mbumba yake n'kubwera kudzaphika mowa. Ndinafunsa a Patson, anansi anga odziwa chiwongo cha aliyense mpaka ku Sinda, ngati anthu olembedwa pachitsulo chimene mwakhoma pachipilalapo ndi a Phiri kapena a Banda. Akuti sanawamvepo. Mwina abale awo ali m'njira, angochedwa ndi msewu wathuwu.

Chachitatu, tsiku lotsegulira munati ana athu akamachiona aziganiza zapamwamba. Zoona, Yosefe wanga amayang'ana mpaka khosi kuwawa. Mbuzi nazo zapeza mthunzi. Ine sindikunyoza anthu ajawo, ayi. Wokwera mpaka kumwezi ndi wolimba mtima. Koma ndamva kuti iwo anapita n'kubwerako bwinobwino. Ife Kavumbe akadzaza, kukiliniki pompa sitifikako. Dzinja latha ngolo ya a Patson inakokoloka powolokera pomwepo, ng'ombe imodzi tinakaipeza kumunsi itatupa.

Nkhani yanga ndi iyi, bwana. Anesi anena kuti amake Yosefe adzachira mu Januwale, mvula ili pakati, ndipo asayerekeze kuchirira kunyumba chifukwa Yosefe anabadwa pa opaleshoni. Masiku ano mtambo ukangoda, anzanga amathamangira mbewu, ine ndimathamangira kukayang'ana madzi a Kavumbe.

Tsono popeza mutu wanga ndi wamakasu, ndinatenga chingwe cha ng'ombe, ndinakwera roketi yanu, mundikhululukire, n'kuiyeza. Ndinakayezanso Kavumbe kuchoka gombe lino kufika linalo. Bwana, ikukwana, mpaka kutsalako.

Pempho langa ndi laling'ono: muigoneke. Ng'ombe zokoka tili nazo, simudzaononga dizilo. Chitsulo cha mayina tidzachiika choyang'ana kumwamba, tizidzachipukuta, ndipo mayi aliyense wowoloka ndi mwana kumsana azidzawathokoza anthu akumweziwo kuposa mmene mbuzi zikuchitira panopa.

Ngati ulemu wa roketi sulola kugona pansi, ndamva. Mungondilola ndikagumuleko miyala pang'ono m'munsi mwake ndisunge. Mwina pofika chilimwe ndidzafuna chiliza cha munthu amene dzina lake ndikulidziwa, ndipo chala changachi sichingaphwanyenso ina.

Ine wanu wamng'ono, wa kutsidya kwa madzi,
Gideon Sakala