A Zonanda ndi Beseni la Sitachi

A Zonanda sankatha kuona chinthu chonanda n'kuchisiya. Kaya ndi uchi, guluu kapena yogati, ankachitsina ndi zala ziwiri n'kumachikoka pang'onopang'ono, maso ali tong'o, kuti aone pomwe ulusi wake udukire. Ku fakitale ya penti imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Anali ndi makina opotokola dontho la penti pakati pa timbale tiwiri, owauza ngati pentiyo akuyenderera ngati madzi kapena akubwerera ngati mpira. Vuto linali loti akaweruka, ntchitoyo inkawatsatira kunyumba.

Amene ankazionera ndi mwana wawo wamkazi, mphunzitsi. Tsiku lomwe anabwera kudzaonetsa chibwenzi, mkuluyo sanafunse n'komwe kwawo kwa mnyamatayo. Anasungunula ufa wa sitachi ndi madzi m'beseni n'kumuuza kuti amenyemo chibakera. Mnyamatayo, ali mu suti yake, anamenya mwaulemu, dzanja n'kumira ndi wotchi yomwe.

"Mwamphamvu, achimwene! Mukamenya mofulumira amauma gwa, mukamunyengerera amakumezani. Chifukwa chake n'choti…"

"Adadi, chonde."

Nthawi zonse nkhani inkathera pamenepo. Mdzukulu atabadwa, anzawo akumusilira mphuno, iwo ankamuyeza dovu ndi rula, mphunzitsi n'kuwadulanso pakamwa. Komatu mkuluyo sankafuna zambiri, ankangofuna kuti mwana wawo awamvetsere mpaka kumapeto, kamodzi kokha.

Sitiroko itawagwira, madzi wamba anayamba kuwatsamwa, ndiye adokotala anati zakumwa zawo azizilimbitsako ndi ufa wapadera. Apa mphunzitsi anaona zakuda. Kapu iliyonse mkuluyo ankaipendeketsa, kudonthetsa pasupuni, kupukusa mutu, n'kuibweza. Tsiku lina, iye atatopa kusakaniza, iwo anakweza chala, pakamwa popotoka paja pakuvutikira mawu.

"Chifukwa chake…"

"Adadi, kuno si ku fakitale. Ingomwani."

Anamwa yonse, osatsutsa. Sanayezenso kanthu, ndipo sabata yomweyo anatsikira kulichete.

Masiku ano khitchini ndi yaudongo, mabotolo onse ndi otseka bwinobwino, koma m'nyumba muli zii moti alendo sakhalitsa. Mphunzitsi zimamuwawa, ndipo sabisa. Posachedwapa mwana wina m'kalasi mwake anamufunsa chifukwa chomwe sitachi wam'madzi amaumira akamenyedwa. Anayamba molimba mtima, ndi mawu enieni a bambo ake. Atafika pa "chifukwa chake n'choti" anaima, choko chili m'manja, ana onse akudikira.