Mawu Amene Anapatsidwa Kanema wa Ndaona

Kuseri kwa mapiri, kumene ngakhale mphepo inkayamba yapempha chilolezo isanawombe, kunali dziko lotchedwa Zilibwino, ndipo mwini wake anali Wolemekezeka Kwambiri Nditameni. M'dzikomo munali Kaundula wa Makanema. Kanema aliyense ankalembedwamo n'kupatsidwa mawu omuzindikiritsa, monga "chikondi", "nkhondo" kapena "nthabwala", kuti wofuna kanema angofufuza mawuwo n'kumupeza. Osankha mawuwo anali akuluakulu asanu onenepa makosi, ndipo wapampando wawo anali Bambo Phimbani, munthu amene ankaonera kanema akusinza koma osaphonya ngakhale kamodzi zofuna za kunyumba yachifumu.

Chaka china mvula inadula chimanga chisanabereke. Mayi Ndaona a m'mudzi wa Kumatsala anajambula zimene maso awo ankaona: nkhokwe zopanda kanthu, amayi akuwiritsa zitsa za nthochi, ndi mwana wamkazi wa Mayi Ndaona omwewo, Tiyembekeze, atafooka pamphasa. Sanajambulire kutchuka ayi. Ankadziwa kuti anthu a dziko loyandikana la Mataya ankafufuza mawu oti "njala" m'makaundula a anansi awo chaka ndi chaka, ndipo kumene awapeza ankatumizako ngolo za chimanga.

Atafika pamaso pa akuluakulu aja, mayiwo anagwada nati: "Olemekezeka, ndagwira mwendo wanu. Sindikupempha ufa kapena mchere. Lembani mawu amodzi okha pa kanemayu: njala. A ku Mataya akawaona, mwana wanga akhala ndi moyo."

Bambo Phimbani anatsokomola, nakonza mkanjo wawo. "Mayi, mawu achipongwe amenewo analowa liti m'dziko la Wolemekezeka Kwambiri? Ife kanema wanu tamuonera mwachidwi. Taona mphika, taona moto, taona amayi akutakasa. Nanga pamene pali mphika ndi moto, munthu wanzeru anganene kuti palibe chakudya?" Mkulu wina anati alembe "kusala kudya", poti anthuwo ankaoneka opemphera. Wina anakakamira "kuchepetsa thupi". Anakangana masiku atatu athunthu, abale inu, akupumira pa nyama yambuzi yootcha, mpaka anagwirizana: "zophikaphika za makolo". Anadziombera m'manja okhaokha, opanda manyazi n'komwe!

Patapita mwezi, ngolo makumi anayi za ku Mataya zinatulukira pachipata cha nyumba yachifumu. Zinali zopanda kanthu. Kazembe wa dzikolo anawerama nati: "Wolemekezeka Kwambiri, tafufuza m'makaundula a maiko onse otizungulira. Konseko kuli njala, kupatula kwanu kuno. Inu mwafika pojambula makanema ophunzitsa kuphika! Nkhokwe zathu zatha ndi kudyetsa anansi, ndiye tati tibwere kwa odala, mutidzazire ngolozi."

Nditameni anayang'ana Phimbani. Phimbani anayang'ana nsapato zake. Kunena kuti m'dziko muli njala kukanatanthauza kuti Kaundula ananama, ndipo Kaundula anali wa Wolemekezeka Kwambiri. Choncho Nditameni analamula asilikali kuti asese kambewu kalikonse kotsala m'midzi, ndipo kazembe anamutama ndi mawu okoma mpaka Wolemekezekayo anagwetsa misozi yachimwemwe.

Ngolo zija zinadutsa pa Kumatsala zitadzaza tho, zikulowera kumalire, ng'oma zikulira. Phimbani anatuma mthenga kwa Ndaona kuti akajambule mwambowo, poti mawu ake anali atawasankha kale: "kuwolowa manja". Mthengayo anapeza pakhomo palibe munthu. Mudzi wonse unali kumanda, kukaika Tiyembekeze.